Thireyi ya Mgonero ya timakapu 40: kodi ndi yoyenera mpingo waung'ono?

Seti imene tikuikamba pano ndi ija imagulitsidwa m'masitolo a zipangizo za tchalitchi komanso pa intaneti, kawirikawiri m'katoni imodzi: thireyi yozungulira ya mabowo 40, chivindikiro chokhala ndi kamtanda pamwamba, chokhazikapo chapansi, mbale ya mkate ndi chivindikiro chake, ndiponso timakapu. Makampani ambiri amapanga seti yotereyi, ndipo zimafanana kwambiri moti dzina la kampani silikuuzani zambiri. Chimene chimasiyanitsa yabwino ndi yachabechabe ndi chitsulo chake, kukula kwa mabowo, ndi mpata umene umatsala pakati pa timakapu ndi chivindikiro.

Maganizo athu ndi awa. Kwa mpingo wa anthu 20 mpaka 80 umene unagwirizana kale zomwera m'timakapu, ya chitsulo chosachita dzimbiri ndi yoyenera kugula, ndipo ikhala zaka zambiri. Koma mpingo umene sunakhalepo pansi kukambirana za chikho usaigule kaye, ngakhale itatsika mtengo kapena wina atalonjeza kuilipira. Thireyi imeneyi imabwera ndi kachitidwe kake ka Mgonero, ndipo mukangoiika pa gome mwayankha kale mafunso amene mwina akulu a mpingo sanawafunsepo.

Zimene thireyi imanena isanalankhulidwe

Funso loyamba ndi la chikho chimodzi. Kwa zaka mazana ambiri Akhristu ankamwera chikho chimodzi, kapena zikho zikuluzikulu zingapo zoyenda pakati pa anthu. Timakapu ta munthu aliyense tinayamba m'mipingo ya ku America m'zaka za m'ma 1890, pamene anthu anali atayamba kumvetsa za tizilombo toyambitsa matenda. Robert Koch anali atapeza kachilombo ka chifuwa chachikulu mu 1882, ndipo mantha a nthendayi ndi amene anakankha mipingo yambiri kusiya chikho chimodzi. Ena anakana, ndipo mpaka lero pali mipingo, kuphatikizapo ina ya Church of Christ, imene imamwera chikho chimodzi basi. Iwo amaloza Mateyu 26:27, pamene Ambuye anatenga chikho n'kuuza ophunzira onse kuti amwereko, ndi 1 Akorinto 10:16-17, pamene Paulo akumanga umodzi wa mpingo pa mkate umodzi. Omwera m'timakapu amaloza Luka 22:17, pamene Ambuye anauza ophunzira kuti agawane zimene zinali m'chikhomo, ndipo amati chofunika ndi chipatso cha mpesacho, chiwiya ayi.

Mbali zonse ziwiri zili ndi anthu oopa Mulungu amene anawerenga Malemba mofatsa. Chimene ife timadandaula nacho ndi thireyi yongotulukira pa gome tsiku la Mgonero chifukwa wina wapereka mphatso, anthu osauzidwa. Mumpingo wa anthu 500 mabanja awiri akakhumudwa n'kuchoka, mipando yawo imadzadza. Mumpingo wa anthu 40 mabanja awiri akhoza kukhala gawo limodzi mwa magawo anayi a mpingo wonse, ndipo mwina mmodzi wa iwo ndiye amatsogolera nyimbo. Kambiranani poyera, phunzitsani, mverani agogo amene anakula akumwera chikho chimodzi, kenako mugule.

Funso lachiwiri ndi la malo amene anthu amalandirira. Thireyi inapangidwa kuti iziyenda m'mizere, anthu ali chikhalire. Mchitidwe umenewu uli ndi mizu yake ku Zurich, m'dziko la Switzerland, kumene mu 1525 mbusa Ulrich Zwingli anayambitsa Mgonero wa mbale ndi zikho zamatabwa zimene atumiki ankapita nazo kwa anthu pamene akhala. Kumeneko Mgonero unkaonedwa ngati chikumbutso cha imfa ya Ambuye ndi chakudya cha abale, wina kupatsira mnzake. Ngati mpingo wanu umakhulupirira chimodzimodzi, thireyi ikugwirizana nanu bwino lomwe. Ngati anthu amabwera kutsogolo kudzagwada, imagwirabe ntchito, mtumiki ataigwira chiimire, koma theka la ubwino wake latayika. Ndipo kwa mpingo umene umakhulupirira kuti mkate ndi vinyo zimasandulika thupi ndi mwazi weniweni wa Khristu, seti imeneyi si yanu n'komwe: timakapu 40, kalikonse kotsala ndi kadontho pansi, ndi mtolo waukulu kwa munthu amene chikumbumtima chake sichimulola kutaya ngakhale dontho limodzi.

Chitsulo chake

Pali mitundu itatu yodziwika: aluminiyamu, chitsulo chosachita dzimbiri, ndi yamatabwa. Zambiri zimakhala pafupifupi masentimita 31 kuchoka mbali ina kufika ina.

Ya aluminiyamu ndi yopepuka, ndipo ikakhala yatsopano, makamaka ija ya mtundu wa golide, imakopa maso. Vuto lake limayamba ndi madzi a mphesa. Mphesa zili ndi asidi, ndipo kuwawasa kwake, kaya ndi vinyo kaya ndi madzi ake osawira (osasanduka vinyo), kumakhala pakati pa 3 ndi 4 pa muyeso wa pH. Aluminiyamu imatetezedwa ndi kakhungu kopyapyala pamwamba pake. Wina wa mtima wabwino akangoikwecha ndi waya wotsukira mapoto, kakhunguko kamakandika, asidi amapeza polowera, ndipo pakapita miyezi mumayamba kuona timadontho toyera, kenako timaenje. Sopo wamphamvu wa m'makina otsukira mbale amaisandutsa yotuwa, ndipo kutuwa kumeneko sikuchoka. Chinanso, ikagwa kamodzi mkombero wake umapindika, ndiye chivindikiro sichikhalanso bwino.

Ya chitsulo chosachita dzimbiri ndi yolemererako, koma imapirira asidi ndi manja a anthu osiyanasiyana. Funsani ngati ili ya mtundu wa 304, umene ena amaulemba kuti 18/8, kutanthauza magawo 18 pa 100 a chromium ndi 8 pa 100 a nickel. Yotsika mtengo nthawi zambiri imakhala ya 201, imene ili ndi nickel wochepa, ndipo ikasungidwa pachinyezi imatulutsa timawanga ta dzimbiri m'mbali mwa mabowo. Anthu amakonda kuyesa ndi maginito, koma muyeso umenewu ndi wosakwanira. Maginito akamata zolimba, ndiye kuti chitsulocho ndi cha mtundu wopanda nickel, monga 430. Akapanda kumata sizikutsimikizira kuti ndi 304, chifukwa 201 nayonso sigwira maginito kwenikweni. Bola wogulitsa alembe mtundu wa chitsulo pa lisiti.

Yamatabwa ndi yokongola ndiponso yachete, kapu ikamabwezedwa simamveka. Koma imamwa madzi a mphesa, banga lake silichoka, ndipo imang'aluka ikanyowa n'kuuma mobwerezabwereza. Ndi yoyenera mpingo umene uli ndi munthu mmodzi wodzipereka kuisamala.

Pa zonsezi, chimene tikufuna muyang'ane kuposa china chilichonse ndi ichi: kodi kambale ka mabowo kamachoka? Pa thireyi zina kamanyamuka, pa zina kamamasulidwa ndi sikuluwu ya pakati, koma pa zina kanawotchereredwa. Madzi a mphesa amadontha pansi pa kambaleko Mgonero uliwonse, kaya mudzaze mosamala bwanji. Ngati sikachoka, madonthowo amauma m'kati momwe dzanja silifika, shuga wake amaitana nyerere, ndipo patapita nthawi mukatsegula chivindikiro mumalandiridwa ndi fungo la nkhungu. Thireyi ya kambale kosachoka isiyeni m'sitolo. Yendetsaninso chala m'mphepete mwa mabowo angapo. Ngati pakukanda, ndiye kuti sanasalaze atabowola, ndipo padzacheka chala cha wotsuka ndi kukanda timakapu.

Timakapu

Kakapu wamba kamalowa pafupifupi mamililita 15 ndipo kamatalika pafupifupi masentimita 3.5. Ta galasi tina timatalikirapo pang'ono, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa m'mavuto akagula thireyi kwina, timakapu kwina. Timakapu tikatalika kuposa mpata wa thireyi, chivindikiro kapena thireyi yachiwiri imakhala pamilomo ya timakapu m'malo mokhala pa mkombero. Zikatero mulu wonse umagwedera, ndipo pansi pa thireyi yapamwamba pamakhudza pomwe anthu aikepo milomo. Kuyesa kwake n'kosavuta. Ikani timakapu titatu motalikirana, yalani kapepala kopyapyala pamwamba pa kamodzi mbali ina itatulukira kunja kwa mkombero, vindikirani mopepuka, ndipo onani ngati chivindikiro chakhazikika mbali zonse popanda kugwedera. Kapepalako kakapanidwa pa mlomo wa kakapu, mpata ndi wochepa. Vuto lina ndi la mabowo okula kwambiri. Kakapu kayenera kutsala pamwamba pafupifupi sentimita imodzi kuti zala zigwire. Kakamira mpaka m'khosi, munthu wa manja onjenjemera amakatola ndi zikhadabo, ndipo theka la madzi limathera pa thireyi.

Ta pulasitiki ndi togwiritsa ntchito kamodzi. Ubwino wake ndi woti palibe kutsuka. Koma timamatirirana pozisolola m'paketi moti wina amalandira tiwiri tophatikizana, timang'aluka tikapanidwa, ndipo timatha msanga kuposa momwe anthu amaganizira. Mpingo wa anthu 40 umene umanyema mkate sabata iliyonse, potsatira Machitidwe 20:7, umataya timakapu 2,080 pa chaka. Mpingo womwewo ukamadya kanayi pa chaka umataya 160 tokha. Choncho yankho limadalira kalendala yanu. Nkhani ya kangati pa chaka nayo ndi yakalekale: John Calvin ankafuna Mgonero sabata iliyonse, koma akuluakulu a mzinda wa Geneva anakhazikitsa kanayi pa chaka, ndipo mipingo yambiri inatengera kachitidwe ka mzindawo m'malo mwa kufuna kwa Calvin.

Ife timakonda ta galasi kwa mpingo waung'ono. Timakhala bwino m'bowo chifukwa n'tolemera, sitisintha kakomedwe ka madzi, ndipo kutsuka 40 si ntchito yoopsa kwa anthu awiri. Gulani 10 towonjezera nthawi yomweyo, ta mtundu womwewo, chifukwa mukadzafuna pambuyo pake mudzapeza ta kukula kwina. Kalikonse kobenthuka pamlomo kachotseni. Galasi likagunda chitsulo limalira, ndipo m'kachisi waung'ono muli zii phokosolo limamveka paliponse. Pali timalabala tovekera m'mabowo tothetsa zimenezi, koma timachepetsa bowo, ndiye tiyeseni ndi timakapu tanu musanagule tambiri.

Kudzaza

Seti zambiri sizibwera ndi chodzazira, ndipo ichi ndi chofooka chake chachikulu. Kuthira kuchokera m'botolo lalikulu kupita m'kakapu ka mamililita 15 ndi kutaya madzi chabe. Njira yabwino ndi botolo la pulasitiki lofinya, la kamlomo kakang'ono kosongoka. Chodzazira cha batani chimathamanga, koma chili ndi kasipuling'i ndi kavalavu m'kati zimene zimamata ndi shuga mukapanda kuzimasula potsuka. Sirinji yatsopano ya mamililita 20, yopanda singano, yosungidwira ntchito imeneyi yokha, imayeza bwino kwambiri ngakhale imachedwa.

Thirani mamililita 10, ndiye kuti pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kakapu. Thireyi yodzaza imafuna mamililita 400. Pa pepala lita imodzi ikwanira timakapu 100, koma powerengera zodontha ndi zotsala m'chodzazira yembekezerani pafupifupi 90. Ikani thireyi pa tebulo losapendekeka, ikani timakapu tonse kaye, ndipo yambani kudzaza pakati kupita kunja, kuti mkono ndi malaya zisadutse pamwamba pa timene mwadzaza kale. Kamlomo ka botolo kalowe pang'ono m'kakapu koma kasakhudze galasi. Mukasiya kufinya dikirani kadontho komaliza kagwe musanasunthe dzanja, apo ayi mudzasiya mzere wofiira pa kambale kuchoka pa bowo lina kufika pa linzake. Madontho apukuteni pompo ndi kansalu konyowa, chifukwa akauma kakapu kamamatirira m'bowo, ndiye munthu akamakakoka kamazuka mwadzidzidzi n'kumuthira malaya.

Musadzaze mabowo onse 40 ngati odya ali 26. Werengani amene amadya Mgonero, onjezerani 4 kapena 5 poganizira alendo, ndipo mwazani timakapu mofanana kuzungulira thireyi, kuyambira mzere wakunja, kuti isalemere mbali imodzi. Dzazani pasanathe maola awiri mapemphero asanayambe, vindikirani, ndipo muike pamthunzi.

Zothiramo

Mipingo yambiri yaing'ono imagwiritsa ntchito madzi a mphesa osawira. Zimenezi zinatheka mosavuta kuyambira 1869, pamene Thomas Welch, dokotala wa mano wa mpingo wa Methodist ku Vineland, New Jersey, ku America, anatenthetsa madzi a mphesa motsatira njira ya Louis Pasteur kuti asasanduke vinyo. Koma kutenthetsako kumateteza botolo likadali lotseka. Mukalitsegula, yisiti wa mumpweya amalowa, ndipo pa malo otentha madziwo amayamba kuwira pakangopita tsiku limodzi kapena awiri. Zizindikiro zake ndi thovu pamwamba, fungo lowawasa, ndi botolo lofufuma kapena lopuma polimasula. Kwa mpingo umene umaphunzitsa kuti chikho cha Ambuye chisakhale ndi chotupitsa kapena chakuledzeretsa, imeneyi ndi nkhani ya chiphunzitso, ndipo mtumiki amene akuthira kuchokera m'botolo lotsegulidwa mwezi watha akuswa chimene mbusa akulalikira. Mufiriji botolo lotsegula limakhala pafupifupi sabata imodzi mpaka masiku 10. Ngati mumadya sabata iliyonse ndipo muli ochepa, gulani timapaketi ting'onoting'ono, kapena gawani lita m'timabotolo n'kuumitsa mufiriji, muzisungunula kamodzi kamodzi.

Werengani zolembedwa pa paketi. Zakumwa zambiri zofiirira ndi madzi, shuga ndi fungo la mphesa chabe. Ngati mpingo ukufuna chipatso cha mpesa monga pa Mateyu 26:29, paketi inene kuti ndi mphesa 100 pa 100. Kumene mphesa sizipezeka ena amaviika mphesa zouma, kuziwiritsa ndi kusefa. Njirayi imagwira, koma sefani kawiri pa nsalu yoyera chifukwa nsenga zake zimatseka kamlomo ka chodzazira, ndipo gwiritsani ntchito tsiku lomwelo.

Mpingo umene umagwiritsa ntchito vinyo uganizire abale amene anasiya mowa movutikira. Apa thireyi ili ndi mwayi umene chikho chimodzi chilibe: vinyo wofiira m'mizere yakunja, madzi a mphesa zoyera mu mzere wamkati, kuti mtundu wokha uzimuuza munthu. Wotsogolera anene zimenezi mokweza nthawi iliyonse, osati kamodzi pa chaka.

Mbale ya mkate

Mbale ya mu seti zambiri ndi yosaya. Mkate wopyapyala umatsetsereka mbale ikapendekeka pang'ono. Kansalu koyera kopindidwa pansi pake kamathetsa vutoli. Pali thireyi zina zokhala ndi kambale ka mkate pakati, kuti zonse ziyendere limodzi. Zimafulumira, koma zimachepetsa mabowo, zinyenyeswa zimagwera m'timakapu, ndipo mpingo umene umapempherera mkate payekha, kudya, kenako kupempherera chikho, sizingauthandize.

Ophika okha mkate wopanda chotupitsa angachite chonchi: ufa wa tirigu magalamu 120, mafuta ophikira masupuni akulu atatu, madzi ozizira masupuni atatu kapena anayi, ndi kamchere. Sakanizani osakanda kwambiri, yalani mpaka kuchindikala kwa mamilimita atatu, lembani mizere ndi mpeni motalikirana masentimita awiri osadula mpaka pansi, bowolani kagawo kalikonse ndi foloko kuti kasatukuke, ndipo wotchani pa madigiri 175 kwa mphindi 10 mpaka 12, mkate usanafiire. Mutulutsa tizidutswa toposa 100. Kusadula mpaka pansi n'kofunika kwa mpingo umene umafuna kuti mbusa anyeme mkate umodzi pamaso pa anthu: umafika pa gome uli wathunthu, koma unyemeka mosavuta motsatira mizere. Ngati pali wina amene thupi lake limadana ndi gluten wa mu tirigu, mkate wake ukhale m'kachiwiya kake kotseka, chifukwa zinyenyeswa zokha zimamudwalitsa.

Thireyi ikanyamuka pa gome

Thireyi imodzi kwa anthu 40 imachedwa. Munthu aliyense akatenga masekondi asanu, zapitirira kale mphindi zitatu, osawerengera kuyenda kuchoka mzere wina kupita wina. Ngati m'kachisi muli kanjira pakati, gulani thireyi ziwiri, iliyonse inyamule timakapu 20. Zimasanjikizana, ndiye chivindikiro ndi chokhazikapo zikhala zomwezo. Zimapepukanso, ndipo mtumiki wachikulire sanjenjemera nazo.

Phunzitsani anthu kuti wolandira thireyi aigwirire mnzake woyandikana naye atenge kaye, kenako mnzakeyo amugwirire iye. Palibe angatenge kakapu bwinobwino dzanja lina litanyamula thireyi yodzaza. Mchitidwewu umathetsa kutayika kwambiri, komanso umaonetsa ndi manja chimene mpingo ukunena pakamwa, kuti abale akutumikirana.

Ngati mumatsatira 1 Akorinto 11:33 mwa kudikirana kuti nonse mumwere limodzi, chepetsani madzi afike mamililita 8, chifukwa munthu adzagwira kakapu mphindi zingapo, mwina ali ndi mwana pamiyendo. Konzeranitu koika timakapu tomwera. Mabenchi ena ali ndi timabowo kumbuyo, koma mipando yoyala ilibe, ndipo kakapu ka galasi koikidwa pansi kamapondedwa nyimbo yotsekera isanathe. Mtumiki adutsenso ndi thireyi yopanda kanthu. Ngati aliyense amamwa pomwepo n'kubweza, tomwera tibwerere m'mabowo apakati kapena pa mbale ina, kuti wotsatira asatole chomwera kale.

Pali chinthu chimodzi chimene thireyi singachite, ndicho kusankha woyenera kudya. Ikalowa mu mzere imadutsa pamaso pa aliyense: mlendo, mwana, wosabatizidwa, ndi amene ali pa mwambo. Mpingo wa gome lotseguka kwa onse okhulupirira ulibe vuto, bola wotsogolera anene momveka amene akuitanidwa. Mpingo umene umalola obatizidwa ake okha uyenera kukonzekera mwapadera. Odya akhale mizere yakutsogolo, kapena aimirire thireyi ikamafika, ndipo akulu a mpingo alankhule ndi amene ali pa mwambo tsikulo lisanafike. Musamusiyire mtumiki ntchito yobweza thireyi pamene dzanja la munthu latambasulidwa kale. Manyazi amenewo, pamaso pa anthu 30 odziwana mayina, munthu saiwala, ndipo si mtumikiyo amene anayenera kusenza mlanduwo.

Mipingo imene imasambitsana mapazi Mgonero usanayambe, potsatira Yohane 13, monga Seventh-day Adventist ndi ena a Mennonite, idziwe kuti mabeseni ndi matawulo sizili mu seti. Thireyi ikhale yovindikira nthawi yonse ya kusambitsana, ndipo onse okhudza gome asambe m'manja ndi sopo ndi madzi oyenda asanabwerere.

Zotsala ndi kutsuka

Pa zotsala mipingo imasiyana. A Anglican amadya ndi kumwa mwaulemu zimene zapatulidwa. A Adventist amathira madzi a mphesa pansi, mkate amauwotcha kapena kuukwirira, osaubweza ku ntchito wamba. Mipingo ina ilibe lamulo. Chilichonse chimene mumakhulupirira, chilembeni kuti atumiki atsopano asamachite mwa mutu wawo. Chimodzi chokha n'chosakambirana: zimene zathiridwa m'timakapu zisabwerere m'botolo.

Tsukani pasanathe ola limodzi. Yambani ndi madzi ozizira kuchotsa shuga, kenako ofunda a sopo, ndi kaburashi kakang'ono kofika pansi pa kakapu pamene pamakhala mkombero wofiira. Pofuna kupha tizilombo, viikani timakapu ta galasi m'madzi otentha madigiri 77 kwa masekondi 30, koma tikhale tofunda kale, chifukwa galasi lozizira likalowa mwadzidzidzi m'madzi otentha limasweka. Njira ina ndi supuni imodzi yaikulu ya mankhwala oyeretsera a kilorini m'malita 4 a madzi, kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Kilorini ameneyu ndi wa galasi lokha. Pa chitsulo chosachita dzimbiri amadya timaenje. Timakapu tiume tokha titavundikidwa pa nsalu yoyera. Kupukuta tonse 40 ndi thawulo limodzi ndi kubwezeretsa zimene mwangochotsa. Thireyi yokha ipukuteni ndi nsalu yofewa, kambale ka mabowo katachotsedwa, ndipo muzibwezeretse zonse zitauma gwa. Mpingo wodya kanayi pa chaka usamale kwambiri apa, chifukwa kachinyezi kotsekeredwa m'kati kali ndi miyezi itatu yochita ntchito yake.

Timakapu totsekeratu

Ogulitsa ambiri amakukopani kuti muwonjezere timakapu todzazidwa kale ku fakitale, tokhala ndi kamkate pamwamba ndi zomata ziwiri. Tinafala kwambiri mu 2020 pa nthawi ya COVID-19, ndipo pa nthawiyo tinathandiza ndithu. Pa mapemphero a masiku onse sititikonda. Chomata chapamwamba n'chopyapyala ndipo chimaterera, moti munthu wokalamba kapena wosaona bwino amakoka zonse ziwiri nthawi imodzi, kamkate n'kugwa pansi, madzi n'kumuthira pa chala. Kachisi yense amadzaza ndi phokoso la mapulasitiki pa mphindi imene anthu amafuna bata. Palibenso kunyema, palibe kuthira, palibe kupatsirana. Tikasungidwa potentha madzi ake amada n'kusintha kakomedwe tsiku lolembedwa lisanafike. Mabokosi ake amakhala akuluakulu, ndiye mpingo waung'ono umataya tambiri totha nthawi. Onaninso kuti si tonse timene timalowa m'mabowo a thireyi.

Pokayendera odwala ndi okalamba amene sangathe kufika ku tchalitchi, chimene tikulangiza ndi kaseti kam'manja kokhala ndi timakapu 4 kapena 6, kabotolo kotseka bwino ndi kabokosi ka mkate. Mukhoza kutapa mkate ndi madzi a pa gome lomwelo la mpingo tsiku lomwelo, kuti wodwalayo adye chimene abale ake adya. Kabotoloko kayeseni ndi madzi wamba mutakazondotsa usiku wonse pa pepala, chifukwa tambiri timadontha pa chitsekero.

Katoni ya seti yaikulu ikafika, musadikire tsiku la Mgonero kuti muitsegule. Werengani timakapu, chotsani kapulasitiki kotetezera chitsulo, tsukani zonse kuchotsa mafuta a ku fakitale, ndipo itanani atumiki onse ayeseze ndi madzi wamba: kudzaza, kusanjikiza, kuvundukula chivindikiro ndi manja awiri ndi kudziwa pochiika, ndi kuyenda m'mizere yonse mpaka wakumbuyo. Ngati pali mzere wopanikizana kumene thireyi ya masentimita 31 singadutse pakati pa mawondo ndi mpando wakutsogolo, sunthani mipandoyo tsiku lomwelo.